Mmene makampani anawetera mwambo wothamangitsa kompyuta

Pakati pa anthu okonda kumasula ndi kumanga makompyuta pali mwambo wina umene wakhalapo kwa zaka pafupifupi 40, womwe eni ake amautcha overclocking. Uku n'kuikakamiza purosesa kuti ithamange kuposa liwiro limene kampani inalemba pa bokosi. Anthu apadera amauona ngati chibwana cha anyamata osowa chochita, amene amawotcha zipangizo zodula pofuna kutchuka, koma mbiri yake ikunena zina. Mwambowu unabadwa chifukwa cha mitengo. Amene anauyambitsa anali ogula ochenjera omwe anatulukira kuti nambala yolembedwa pa purosesa nthawi zambiri imasonyeza ndalama zimene munthu walipira, osati pamene mphamvu za chipangizocho zathera. Unakula pa nthawi imene makampani ankalimbana nawo, ndipo unayamba kufota pamene makampani omwewo anasiya ndewu n'kuyamba kuugulitsa.

Nkhani yonse yagona pa mmene mapurosesa amapangidwira. Sawapanga imodziimodzi. Amawasindikiza ambirimbiri pa chimbale chimodzi cha silikoni, kenako n'kuwadula ndi kuwayesa. Ngakhale atuluke pa chimbale chomwecho safanana: ena amapirira liwiro lalikulu pa magetsi ochepa, ena amatentha msanga. Kampani imawaika m'magulu monga mmene mlimi amasankhira fodya asanamange mabelo, ndipo gulu lililonse limakhala ndi dzina lake ndi mtengo wake. Mpaka apa palibe chachilendo. Vuto limabwera fakitale ikazolowera ntchito, chifukwa mapurosesa ambiri amayamba kutuluka abwino, chonsecho pamsika anthu ochuluka akufunabe otchipa. Kampani singatsitse mtengo wa onse, choncho imatenga ena a gulu lapamwamba n'kuwalemba dzina la gulu lotsika. Munthu wogula purosesa yotchipa akhoza kupita kunyumba ndi katundu wapamwamba asakudziwa, ndipo overclocking inayamba ngati njira yofufuzira ngati mwayi woterowo wamugwera.

Chitsanzo choyambirira chodziwika bwino ndi IBM PC/AT ya mu 1984, yomwe inali ndi purosesa ya Intel 80286 yothamanga pa 6 MHz. Liwirolo linkachokera ku kachipangizo kakang'ono ka kristo ka 12 MHz, komwe kanali kosavuta kuzula. Anthu anaona kuti akaikapo ka 16 MHz, kompyuta inkathamanga pa 8 MHz popanda vuto lalikulu. IBM sinasangalale nazo. Inasintha BIOS, pulogalamu imene imayatsa makinawo, kuti kompyuta izikana kuyaka ikazindikira kuti liwiro lasinthidwa, kenako mu 1986 inatulutsa AT yakeyake ya 8 MHz. Zimene zinachitika apazi zadzabwerezedwa kangapo m'zaka zotsatira: wogula apeza mpata, kampani itseka mpatawo, kenako igulitsa chomwe chinali kuseri kwake.

M'zaka za m'ma 1990, nthawi ya 486 ndi Pentium, ntchitoyi inaphweka. Liwiro la purosesa linkapezeka pochulukitsa manambala awiri, liwiro la motherboard (bolodi lalikulu limene zigawo zonse zimalumikizidwapo) ndi nambala yochulukitsira ya purosesayo, ndipo zonse ziwiri munthu ankazisankha yekha posuntha timapulagi ting'onoting'ono ta pulasitiki pa motherboard. Kuphweka kumeneku kunaitananso akathyali. Amalonda ena ankapala zolemba za pamwamba pa purosesa yotsika, n'kulembapo nambala yapamwamba, n'kuigulitsa modula kwa munthu wosadziwa. Pofika mu 1998 Intel inali itakhoma nambala yochulukitsira pa mapurosesa ake, ndipo chifukwa chimene chinkaperekedwa chinali chomwechi cha anthu achinyengo. Chifukwacho chinali choona ndithu, ngakhale loko yemweyo anatsekeranso kunja munthu wosalakwa amene ankangofuna kusewera ndi katundu amene wagula ndi ndalama zake.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho cha 1998 ndi chimene chinabala purosesa yomwe okonda mwambowu amaikumbukirabe mpaka lero, Celeron 300A. Intel inaipanga kuti ikhale ya anthu a m'thumba mochepa. Nambala yake yochulukitsira inali yokhomedwa pa 4.5, ndipo pa motherboard yothamanga pa 66 MHz inkapereka 300 MHz. Koma panali patangotuluka chipset cha 440BX chomwe chinkatha kuthamanga pa 100 MHz, ndipo masamu ake ngakhale mwana wa pulayimale akhoza kuwachita: 4.5 kuchulukitsa ndi 100 ndi 450. Munthu ankagula motherboard ya Abit BH6 ya ku Taiwan, kulowa mu BIOS, kusintha 66 kukhala 100, mwina kukweza volteji pang'ono kuchoka pa 2.0, basi kompyuta yayaka pa 450 MHz. Amene motherboard yawo inalibe mwayi wosankha ankamata kachidutswa ka tepi pa phini limodzi lotchedwa B21, kuti motherboard inyengeke n'kuganiza kuti yapatsidwa purosesa ya 100 MHz. Pentium II ya 450 MHz inkagulidwa pa mtengo woposa madola 600, pamene Celeron inali yosakwana madola 200, ndipo pa magemu ambiri ziwirizi zinkangofanana. Chinsinsi chinali chakuti kachi ya Celeron, kamalo kamene purosesa imasungiramo zomwe ikufuna mwachangu, ngakhale inali yaing'ono ya 128 KB, inali m'kati mwenimweni mwa purosesa ndipo inkathamanga pa liwiro lonse, pamene ya Pentium II inali kunja ndipo inkayenda pa theka. Aliyense wofuna umboni wakuti mwambowu unali nkhani ya thumba ayang'ane apa. Mwana wa sukulu wopanda ndalama ankapeza mphamvu za kompyuta ya bwana wa kampani chifukwa cha tepi ndi kulimba mtima.

Nzeru zoterezi sizikanafala popanda atolankhani a mtundu watsopano amene anabadwira pa intaneti nthawi yomweyo. Mu 1996 dokotala wa ku Germany, Thomas Pabst, anayambitsa Tom's Hardware, ndipo mu 1997 Anand Lal Shimpi anayambitsa AnandTech ali ndi zaka 14 zokha. Magazini akale a makompyuta ankakonda kubwereza zimene makampani anena, koma awa ankagula kapena kulandira chipangizo, kuchipanikiza, n'kusindikiza manambala. Anaphunzitsa owerenga kuti kuyaka kokha si umboni. Windows 98 inkagwa yokha ngakhale pa kompyuta yabwinobwino, choncho sikirini ikachita buluu munthu sankadziwa ngati wolakwa ndi Microsoft kapena volteji. N'chifukwa chake anthu anatengera pulogalamu ya Prime95, yomwe George Woltman anailembera ntchito ina yofufuza manambala akuluakulu a masamu, n'kumaisiya ikuyenda usiku wonse kuti aone ngati purosesa ilakwitse powerengera. Ena ankaiyesa poipatsa ntchito yomanga kernel ya Linux. Luso limeneli linadzaluma Intel yomwe mu 2000. Kampani yopikisana nayo ya AMD itayamba kufika pa 1 GHz ndi Athlon mu Malichi chaka chimenecho, Intel inathamangira kutulutsa Pentium III ya 1.13 GHz. Pabst anapeza kuti purosesayo inkalephera kumaliza kumanga kernel ya Linux, a webusaiti ya HardOCP ndi a AnandTech anathandiza kutsimikiza, ndipo mu Ogasiti Intel inaichotsa pamsika. Kunena mosabisa, kampani inali itachita overclocking pa katundu wake womwe, ndipo amene anaigwira anali anthu omwe ankatengedwa ngati ongosewera.

AMD nayo inakhoma mapurosesa ake a Athlon ndi Duron a mu 2000, koma loko wake anali woseketsa. Inkadula ndi leza timilatho tinayi tachitsulo totchedwa L1 pamwamba pa purosesa. Anthu anangotenga pensulo wamba, n'kudetsa pamene padulidwapo, ndipo popeza chakuda cha m'kati mwa pensulo chimadutsitsa magetsi, loko ankatseguka.

Pali otsutsa amene amati makampani anali ndi zifukwa zomveka, ndipo mawu awo si opanda pake. Kutentha kwa purosesa kumakula ndi liwiro, koma kumakula kwambiri ndi volteji, moti kukweza volteji pang'ono kumawonjezera moto wambiri ndipo kumafupikitsa moyo wa chipangizo. Purosesa yopanikizidwa ikhozanso kulakwitsa mwakachetechete n'kuwononga mafayilo mwini wake asakudziwa, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune zimenezi pa kompyuta ya banki kapena ya chipatala. Malire amene kampani imaika amaganizira kompyuta yodzaza fumbi, ya m'chipinda chotentha, yomwe idzagwire ntchito zaka zambiri osatsegulidwa. Zonsezi n'zoona. Koma zikanakhala kuti nkhawa yaikulu inali chitetezo cha wogula, tikanayembekezera kuti khomolo likhale lotseka kwa aliyense. M'malo mwake linatsegulidwa kwa amene angathe kulipira, ndipo apa ndi pamene mtsutso wa chitetezo umagwera.

Taonani mmene zinayendera. Mu 2003 AMD inatulutsa Athlon 64 FX, yodula kwambiri koma yosakhoma, ndipo Intel inayamba mzere wake wa Extreme Edition umene pambuyo pake unakhalanso wosakhoma, pa mtengo wa madola pafupifupi 1,000. Mu 2007 kunabwera Black Edition ya AMD, ndipo mu 2010 Intel inayamba kuika chilembo K kumapeto kwa dzina la purosesa yotsegula. Msomali womaliza unakhomedwa mu Januwale 2011 ndi mapurosesa a Sandy Bridge. Pa amenewa liwiro la motherboard la 100 MHz linamangiriridwa ku zigawo zina za kompyuta, moti kulikweza kopitirira pang'ono kunkasokoneza zonse. Njira ya Celeron 300A inathera pomwepo. Wofuna kuthamangitsa kompyuta anayenera kugula purosesa ya K, monga Core i5-2500K, pamodzi ndi motherboard ya chipset chodulirapo monga P67 kapena Z68. Inde, 2500K inali purosesa yabwino zedi ndipo ambiri ankaifikitsa pa 4.5 GHz ndi fani wamba, koma tanthauzo la mwambo linali litatembenuka: kale munthu ankagula chotchipa kuti apeze chodula, tsopano ankayamba walipira kuti aloledwe kuyesa. Mu 2012 Intel inafika poyamba kugulitsa inshuwalansi yapadera ya purosesa yopsa chifukwa cha overclocking. Ndipo pamene opanga motherboard anapeza njira yothamangitsira mapurosesa a Skylake opanda K, Intel inatseka mpatawo mu 2016, monga mmene IBM inachitira zaka 30 m'mbuyomo.

Wina anganene kuti tikuwanamizira amalonda, kuti chimene chinafooketsa mwambowu ndi malire a silikoni. Pali choona m'menemo. Mu 2004 Intel inasiya cholinga chake cha Pentium 4 ya 4 GHz chifukwa cha kutentha, ndipo kuyambira pamenepo makampani anayamba kuwonjezera chiwerengero cha ma core m'malo mothamangitsa imodzi. Komabe mpata pakati pa liwiro lolembedwa ndi liwiro lotheka sunafe wokha. Makampani anaphunzira kuukolola okha. Turbo Boost ya Intel, yomwe inayamba mu 2008, ndi Precision Boost ya mapurosesa a Ryzen a mu 2017, zimachita zomwe mnyamata wa tepi uja ankachita ndi manja: zimayang'ana kutentha ndi magetsi, n'kukweza liwiro mpaka pamene purosesa ingapirire. AMD inasiya Ryzen yambiri yosakhoma, ndipo ambiri anaiyamikira, koma n'kosavuta kusiya chitseko chotsegula pamene m'nyumba mwatsala zochepa. Sitolo ya ku America yotchedwa Silicon Lottery, yomwe ntchito yake inali kuyesa mapurosesa ndi kugulitsa amphamvu pa mtengo wokwera, inatseka mu 2021, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti kusiyana kwa purosesa yabwino ndi yamba kunali kutachepa.

Enanso amaloza mipikisano ngati umboni wakuti mwambowu uli moyo kuposa kale. Ndi zoona kuti mu 2011 purosesa ya AMD FX inafika pa 8.429 GHz, ndipo mu Disembala 2022 Core i9-13900K inadutsa 9 GHz. Koma manambala amenewa amapezeka pothira nayitirojeni wamadzi wozizira mpaka madigiri 196 pansi pa ziro, kapena heliyamu wozizira kuposa pamenepo, ndipo kompyutayo imakhala pa liwirolo kwa kamphindi kongokwanira kujambula umboni. Akatswiri ambiri a masewerawa amathandizidwa ndi makampani opanga motherboard, amene amawapatsa mapurosesa ambiri oti asankhepo. Ndi luso lenileni, koma ndi malonda a kampani, ndipo palibe chimene wophunzira wosauka amapindulapo.

Zaka zaposachedwa zasonyeza kumene kukolola kumeneku kwafika. Mu 2024 eni mapurosesa apamwamba a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 anayamba kudandaula kuti magemu akugwa pa makompyuta amene sanawagwire n'komwe. Intel inavomereza kuti mapurosesawo ankapempha volteji yopitirira muyeso ndipo ena anali atawonongeka kale, choncho inatulutsa zokonza mu BIOS n'kuwonjezera walanti ndi zaka ziwiri. AnandTech, imodzi mwa nyumba zofalitsa nkhani zimene zinaphunzitsa anthu kuyesa zinthu zotere, inasiya kusindikiza mu Ogasiti chaka chomwecho. Lero upangiri umene okonda makompyuta ambiri amapatsana ndi wotsitsa volteji, kuti purosesa izizire ndi kukhalitsa, chifukwa liwiro limene agogo awo a mwambowu ankalisaka ndi pensulo kampani inalitenga kale n'kuliika pa mtengo.