Mbiri ya Chipata Iri mu Mphika

Ndilankhula makamaka ndi inu a kum'mawa amene muli ku migodi, ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola, ndi kutali ku Solwezi. Madzulo ano ndifuna ticeze za kwathu ku Chipata. Ndidziwa kuti munthu akaturuka pansi pa mgodi ali wotopa, nakhala pansi kuti adye, mtima wace umathawira kwao, ku nsima ya amai ace ndi ndiwo zotendera. Koma kodi tidziwa kumene zakudya zimenezi zinacokera? Mbiri ya mzinda wathu iri m'mabuku, iri ndithu; komanso iri mu mphika, ndipo ya mu mphikayo ndiyo ndifuna kukuuzani.

Tiyambe ndi Angoni. Iwo anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 ali ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka zambiri mwana wace Mpezeni anadzakhazikika ndi anthu ace m'dziko lino la mapiri, pakati pa Ansenga ndi Acewa. Anali anthu a ng'ombe, okonda nyama ndi mkaka. Anagonjetsa midzi ndi nthungo, nakwatira akazi a m'midzimo. Tsono mwana amakula ndi cinenero ca amace, ndipo amadya cimene amace aphika. Cotero pang'ono pang'ono ana a Angoni analeka kulankhula Cingoni ca makolo ao, nazolowera nkhwani, khwanya ndi therere la cidulo. Amuna anapambana ndi nthungo, koma mthiko wa akazi ndiwo unapambana potsiriza.

M'mwezi wa January 1898 asilikali a Azungu anathyola mphamvu ya Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera nkhondo, anamuombera ndi mfuti, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala, umene mfumu imalawira zakudya zoyamba kuca m'munda, unaleka, kufikira pamene unadzukanso mu 1980. M'caka ca 1899 Azungu anamanga boma lao pakati pa mapiri, nalicha Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson. Linali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911.

Pamodzi ndi boma panadza msonkho, ndipo msonkho unafuna ndalama. Amuna anayamba ulendo wa pansi kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya kum'mwera. Ena analowa nchito m'minda ya fodya ya Azungu. Pambuyo pace ena anatsata mkuwa kumene muliko inu. Malo abwino ambiri anali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo anthu anapanikizidwa m'malo ocepa kufikira 1941, pamene Boma linagula dziko la kampaniyo. Kumudzi kunatsala akazi, ana ndi nkhalamba.

Apa ndipo ndifuna mumvetse. Ndiwo zimene tizilakalaka lero zinasunga anthu m'masiku obvuta amenewo. Mkazi wopanda ng'ombe, wopanda ndalama ya mafuta, anali ndi mtondo ndi nsawa zace. Ankasinja nsinjiro, nathira mu nkhwani kapena m'cigwada, ndipo banja linkakhuta. Nthawi ya dzinja ankafutsa masamba, nawayanika pa dzuwa, nawamanga m'cikwatu, kuti m'cilimwe mfutso ukhalepo. Ambuya anga ankandiuza kuti mkazi wosadziwa kufutsa ankasekedwa koposa mkazi wosabvala bwino. Ine ndinali mwana wa sukulu, wonyada ndi Cizungu canga, ndipo sindinasamale. Lero iwo kulibe, ndipo cidulo sindidziwa kucheza kwace.

Nanga m'tauni munali motani? Amwenye anayamba kufika m'zaka zoyamba za m'ma 1900, namanga masitolo ao kumunsi, kumene ticha ku Down Shops. Kumeneko munthu wa kumudzi ankagula mcere, nsaru ndi shuga. M'mahotela a Azungu munthu wakuda sankaloledwa kukhala pansi ndi kudya, kufikira lamulo la 1960 linatsegula zitseko. Cotero malo athu odyera anabadwira pa msika, m'manja mwa amai omwe aja: tiyi ndi zitumbuwa m'mawa, nsima yotentha masana, thobwa la woyenda pa njinga. Amene mwadya pa msika wa Kapata mudziwa kuti kumeneko sapereka pepala la maina a zakudya. Amai amabvundukula miphika, iwe nkuloza. Ukakhala mwana wa munthu wodziwika, cipande cimalowanso kaciwiri.

Tsono tinene za mbewa, pakuti ndidziwa kuti anzathu Abemba ali chire kumvetsera kuti aseke. Asekeni, ndi cimbuya cathu, ndipo nafenso tiri nazo zowayankha za anyani. Cimanga cikakololedwa, anyamata ankatenga makasu kunka m'mapesi. Wina ankafuna una, wina kutseka mbuli, wina kukumba. Wolimba mtima ndiye ankapisa dzanja, podziwa kuti nthawi zina mwini una ndi njoka. Madzulo kapuku ndi mende ankazitumbula, kuziphika ndi mcere, ndi kuziwamba pa moto. Anali masewera, inde, koma masewera obwera ndi ndiwo kunyumba ndi ocepetsa adani a nkhokwe. Akulu nao ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi nsolo yao, kumene mwana ankaphunzira kuwerenga asanaone bolodi la ku sukulu.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Fort Jameson linacoka, nalowa la Chipata, ndipo mu 2017 tauniyo inakwezedwa kukhala mzinda. Kwadza masitolo akulu ndi nkhuku yokazinga ya m'mapepala. Sindidana nazo zimenezi, ndipo sindinena kuti kale kunali kokoma kokha-kokha. Kunali njala, kunali msonkho. Cimene ndiopa ndi ici, kuti mwana wobadwira ku migodi adzacita manyazi ndi cakudya cimene cinasunga makolo ace.

Cifukwa cace, abale anga, mukapita kwanu pa chuti, musangonyamula shuga ndi zitenje. Tengani ana anu, anyamata ndi asungwana omwe, muwakhazike pafupi ndi ambuya ao pa mafuwa, aone kasinjidwe, kafutsidwe ndi katenderedwe, eni ace akali moyo. Akulu anati, kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.