Kuunika dothi la m'munda wa mphesa

Tiyambire pa muuni, kamtolo ka udzu wouma koyatsa kunsonga kamene makolo ankayenda nako usiku. Tsinde lake, -uni-, ndi lomwe lija lili m'mneni kuunika, umene ena amalemba kuwunika. Kale kuunika kunali kuyandikitsa moto pa chinthu kuti chioneke, koma pang'onopang'ono liwuli linasamukira ku nkhani, moti lero komiti imaunika lipoti dzuwa likuswa mtengo. Kwa Mchewa, kumvetsa chinthu ndi kuchiwalitsira.

Matanthauzo awiriwa amakumananso m'minda ya mphesa ya ku Australia, kumene ofufuza a Australian Wine Research Institute ku Adelaide anayesa kuona zimene zili m'dothi pompo, osadikira labotale. Ankagunditsa kachipangizo konyamula m'manja pa dothi, nako kankawalitsa kuwala kumene diso silikuona, kenaka kankawerenga kumene kwabwerera.

Dzina la njirayi, infrared spectroscopy, nalonso lili ndi mizu. Infra ndi Chilatini, kutanthauza "pansi pa", ndipo red ndi kufiira: kuwala kwa kuseri kwa mtundu wofiira wa utawaleza, kumene wasayansi William Herschel anakutulukira mu 1800 ataona chipangizo chake choyezera kutentha chikukwera pamalo pooneka ngati palibe kuwala. Liwu lachiwirilo lalumikiza specere wa Chilatini ndi skopein wa Chigiriki, ndipo onse awiri akunena za kuyang'ana.

Chilichonse m'dothi chimameza gawo lakelake la kuwalako. Madzi amameza kuwala kwa mafunde otalika pafupifupi mananomita 1400 ndi 1900, dongo kwa pafupifupi 2200. N'chifukwa chake dongo ndi zowolerana zimadziwika bwino, pamene fosifolasi ndi potaziyamu, zimene zilibe chizindikiro chawochawo, zimangoganiziridwa. Chinyezi cha m'munda nachonso chimaphimba zizindikiro zina.

Apa ndiye pofunika kusiyanitsa mawu apachibale, kuyeza ndi kuyesa, amene pakamwa pa ambiri amasinthanasinthana, monga mmene timamvera muyezo ndi muyeso. Ine ndimakonda kuti asiyane ndithu: kuyeza n'kupeza kuchuluka, kuyesa n'kufuna kuona ngati chinthu n'chodalirika. Kachipangizoka kasanayambe kuyeza kayenera kuyesedwa, poyerekeza zimene kawerenga ndi zotsatira za labotale pa dothi la dera lomwelo. Kakayesedwa pa mchenga, mlimi asakakhulupirire pa makande.