Chidwi

Chidwi ndi mtima wofunitsitsa kudziwa kapena kuonetsetsa chinthu. Munthu amachita chidwi, amakhala nacho, ndipo chinthu chachilendo chimatchedwa chochititsa chidwi. Mawuwa amasiyana ndi kudabwa. Wodabwa amangoti kukamwa yasa, koma wachidwi amayandikira n'kuyamba kufunsa.

Chidwi china chimakhazikika pa ntchito imodzi, monga cha mmisiri pa matabwa ake. China sichikhala malo amodzi, chimafuna zonse. Mwachitsanzo, Leonardo da Vinci, wa ku Italy, amene anabadwa mu 1452 ndi kumwalira mu 1519, anajambula chithunzi cha Mona Lisa, anatumbula mitembo kuti amvetse thupi la munthu, anafufuzanso kaulukidwe ka mbalame ndi kayendedwe ka madzi. Ntchito zake zambiri anazisiyira panjira.