Pamene Boma la Guinea Lidalemba Ntchito Oyimba

Pa 28 Seputembala 1958, mayiko ambiri a mu Africa amene ankalamulidwa ndi France adafunsidwa ngati akufuna kukhalabe m'manja mwa Afalansa kapena kudziyimira paokha pomwepo. Onse adasankha kukhalabe, kupatula Guinea. Ahmed Sékou Touré, mtsogoleri amene adakulira m'mabungwe a anthu apantchito, adauza anthu ake kuti akane, ndipo iwo adakanadi. Pa 2 Okutobala dzikolo lidalandira ufulu. Afalansa adachoka mokwiya. Adaitanitsa aphunzitsi, madokotala ndi akalaliki awo, adanyamula zonse zimene zikadanyamulika, zina n'kuziphwanya.

Boma lobadwa mu umphawi wotere limayembekezeka kuyamba ndi misewu ndi zipatala basi. Koma Touré adaika nyimbo pakati pa ntchito zoyambirira. Nthawi imeneyo mabandi a m'mahotela a ku Conakry, likulu la dzikolo, ankayimba za ku France ndi ku Cuba, ndipo munthu wophunzira ankachita manyazi ndi nyimbo za kwawo. Touré ankaona kuti atsamunda adalanda mitima ya anthu pamodzi ndi nthaka, ndiye ufulu sukadakwanira popanda kubweza mitimayo. M'chaka cha 1959 boma lidathetsa mabandi oyima paokha n'kukhazikitsa gulu lake, Syli Orchestre National, lomwe lidasonkhanitsa akatswiri a dzikolo. Kuwonjezera pa kuyimba, akatswiriwa ankatumidwa m'zigawo kukaphunzitsa achinyamata.

Posakhalitsa chigawo chilichonse chidakhala ndi bandi yake. Boma ndilo linkagula magitala, malipenga ndi ng'oma, ndipo oyimba a m'mabandi a dziko ankalandira malipiro pamwezi monga aphunzitsi kapena akalaliki. Lamulo lidali lakuti abwerere kumudzi, akatenge nyimbo za makolo, azikonze kuti zilire pa zida zamakono. Kwa Amaninka, umodzi mwa mitundu ya anthu a ku Guinea, kuli mabanja a alakatuli otchedwa jeli, amene kwa zaka mazanamazana akhala akusunga mbiri ya mafumu m'nyimbo, akuyimba ndi kora komanso balafon, yomwe ndi mangolongondo a kumeneko. Ana a mabanja amenewa ndiwo ambiri adagwira magitala a boma. Mipikisano inkayambira m'midzi, kukwera m'maboma, mpaka kukathera pa chikondwerero chachikulu ku Conakry. Bandi yongotengera za kunja sinkapita patali.

M'mipikisano imeneyi ndi mmene mudatulukira Bembeya Jazz. Gululi lidayamba mu 1961 ku Beyla, tauni yakutali kummwera chakummawa, ndipo dzinalo ndi la mtsinje wa kumeneko. Litapambana kawiri pa chikondwerero cha dziko lonse, lidaitanidwa ku Conakry mu 1966 n'kukhala bandi ya dziko. Mukamvetsera nyimbo zawo za zaka zimenezo, khutu limayamba lagwidwa ndi gitala ya Sékou Diabaté. Zala zake zimathamanga pa nsambo monga timitengo tikamagunda balafon, liwu lililonse loyera, lina kutsatira linzake mosadukiza, kenaka malipenga amayankha onse pamodzi. Pamwamba pa zonsezi pamabwera mawu a Aboubacar Demba Camara. Luso lotere silibwera kwa munthu woyimba madzulo okha atatopa ndi ganyu. Anyamatawa ankadzuka m'mawa kukayeserera chifukwa imeneyo ndiyo idali ntchito yawo, ndipo pakutha pa mwezi ana awo ankadya. Apa ndalama za boma zidagwira ntchito yake, ndipo palibe angatsutse.

Mabandi ena nawo adakula: Keletigui et ses Tambourinis, Balla et ses Balladins, ndi Les Amazones de Guinée, gulu la amayi okhaokha omwe adali asilikali a chitetezo. Kampani ya boma yojambula nyimbo, Syliphone, idatulutsa zimbale zoposa 150, zokhala ndi chizindikiro cha njovu, chomwenso chidali chizindikiro cha chipani cholamula cha PDG. Miriam Makeba, atatsekeredwa khomo kwawo ku South Africa ndiponso zinthu zitamuvuta ku America, adakakhala ku Guinea kuyambira 1968 ndipo adajambulitsa nyimbo ku Syliphone. Dziko loyandikana nalo la Mali lidatsata njira yofanana.

Komatu amene ankagula gitala ndiye ankasankhanso zoyimba. Nyimbo zambiri zinkatamanda chipani, mtsogoleri ndi ntchito za boma. Chimbale chotchuka kwambiri cha Bembeya, Regard sur le passé, chimasimba mbiri ya Samory Touré, amene adalimbana ndi Afalansa mpaka kugwidwa mu 1898. Ndi ntchito yaluso kwambiri, koma aliyense ankadziwa kuti pulezidenti Sékou Touré ankadzitcha mdzukulu wa Samory, choncho kutamanda gogoyo kudali kutamanda mdzukulu. Nyimbo za Amaninka, mtundu wa pulezidenti, zidapeza malo ochuluka, pamene za Afula zidakankhidwira pambali. Chopweteka china n'chakuti boma lomwelo, limene linkati likuteteza chikhalidwe, lidatuma anthu m'midzi ya kunkhalango ndi kugombe kukatulutsa poyera zigoba za magule achinsinsi n'kuzitentha, ponena kuti ndi zikhulupiriro zobwezera dziko m'mbuyo. Gule adaloledwa pa nsanja ya ku Conakry, koma kumudzi kumene adabadwira adaletsedwa.

Mbiri ya Keïta Fodéba imaonetsa zonsezi pa munthu mmodzi. Iye adali mlakatuli, ndipo ndiye adayambitsa gulu la zovina la Les Ballets Africains ku Paris ufulu usanabwere. Gululi lidasanduka la dziko ndipo lidayenda kutali kuonetsa magule a Guinea. Fodéba adalowa m'boma n'kukhala nduna yoona za m'dziko ndi chitetezo, kutanthauza kuti iyenso adali ndi dzanja m'nkhanza za ulamulirowo. Mu 1969 adamangidwa pomuganizira kuti akukonza chiwembu, adatsekeredwa kundende ya Camp Boiro, ndipo adaphedwa. Kundende yomweyo ndi kumene Diallo Telli, mlembi wamkulu woyamba wa bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la OAU, adafera ndi njala mu 1977. Oyimba ankadziwa zimenezi. Sindingawaweruze chifukwa choyimba zotamanda. Munthu amene malipiro ake, gitala yake ndi moyo wake zili m'dzanja limodzi sasankha mawu mwaufulu.

Demba Camara adamwalira pa ngozi ya galimoto ku Dakar mu 1973, ndipo dziko lonse lidalira. Chuma chidapitirira kulowa pansi, zida zikathyoka osagulidwanso msanga. Touré adamwalira pa 26 Malichi 1984 kuchipatala ku Cleveland, ku America, ndipo patangopita sabata imodzi asilikali otsogozedwa ndi Lansana Conté adalanda boma. Popeza thandizo lonse lidatsamira pa munthu mmodzi ndi chipani chake, lidagwa naye limodzi. Malipiro adatha, Syliphone idatsekedwa, ndipo mabandi adauzidwa kuti adzionere okha. Anthu amene adatumikira luso kwa zaka zoposa makumi awiri adatsala manja lende, ena n'kupita kunja. Bembeya idakhala chete nthawi yaitali isanatulutsenso chimbale mu 2002.

Matepi a nyimbozo adatsala m'zipinda za wailesi ya boma ku Conakry, akudyedwa ndi chinyezi, chifukwa olamulira atsopano sankafuna kumva mawu otamanda ulamuliro wakale. Kuyambira mu 2008, katswiri wa ku Australia, Graeme Counsel, mothandizidwa ndi British Library, adayamba kuwatsuka ndi kuwakopera m'makompyuta, tepi imodzi imodzi. Nyimbo zoposa 9,000 zidapulumuka motero.