Ansembe 6 Amene Anatsalira mu Mchenga wa Sahara

Ambiri a ife tinabatizidwira ku Mua, ku Likuni, ku Kachebere kapena m'maparishi ena amene anatsegulidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Koma ndi owerengeka okha pakati pathu amene amadziwa kuti ansembewa, asanaponde dziko lathu lino, anayamba ayesa kulowa m'kati mwa Afrika podzera njira ya mchenga, atakwera ngamila. Lero tiyeni tiilondole njira imeneyo, tione m'mene anthu ankayendera ndi kugonera m'chipululu, ndiponso zimene zinawagwera atumiki a Mulungu kumeneko.

Mwa zipululu zonse zotentha za pa dziko lapansi, chachikulu koposa ndi Sahara. Kuyambira kalekale amalonda ankachidutsa m'magulu akuluakulu, kupita kumwera ndi mchere ndi nsalu, kubwerako ndi golide, ndiponso, chomvetsa chisoni, akapolo. M'chaka cha 1352 mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, ananyamuka ku Sijilmasa pamodzi ndi gulu lotere. Atayenda masiku 25 anafika ku Taghaza, mudzi umene nyumba zake zinali zomangidwa ndi mibulu ya mchere, ndipo panatha miyezi iwiri kuti afike ku Walata, kutsidya kwa chipululu. Iye analemba kuti akamayandikira chigawo chouma koposa, ankatuma munthu mmodzi kuti atsogole kukauza anthu a ku Walata kuti awachingamire ndi madzi. Mthengayo akasokera, gulu lonse kapena ambiri mwa iwo ankafa ndi ludzu.

Popanda ngamila ulendo wotere sukanatheka. Nyamayi ili ndi mapazi otambalala amene satitimira mumchenga, ndipo imatha kutseka mphuno zake pamene mphepo ikuulutsa fumbi. Ena amaganiza kuti m'linunda lake muli madzi, koma zoona zake n'zakuti muli mafuta, amene thupi limadya chakudya chikasowa. Imapirira masiku ambiri osamwa, koma ikafika pachitsime imatha kumwa malita 100 pa kanthawi kochepa. Gulu la ngamila zosenza katundu limayenda makilomita 30 kapena 40 pa tsiku, ngamila iliyonse itamangidwa chingwe kwa inzake ya patsogolo.

Dzuwa likapendeka, apaulendo amagwaditsa ngamila zao, natula katundu, namanga miyendo ya kutsogolo ya nyamazo kuti zisapite kutali pofuna msipu. Moto amasonkha ndi tizitsamba touma ndi ndowe za ngamila. Anthu a mtundu wa Tuareg amakanda ufa, naukwirira mumchenga wotentha pansi pa makala, mpaka usanduke mkate. Amadyanso zipatso za kanjedza, ndi kumwa mosamala madzi osungidwa m'matumba a zikopa za mbuzi. Dziko limene masana linali ng'anjo limasanduka lozizira koopsa usiku, kotero kuti m'nyengo yachisanu madzi amatha kuundana. Munthu amadzikulunga m'chofunda, nagona pansi, nyenyezi zili mbee pamwamba pake. Mlendo sadziwa kumene kuli chitsime. Amadziwa ndi mtsogoleri wa ulendo yekha, amene amawerenga nyenyezi, mapiri ndi maonekedwe a nthaka. Choncho wogona tulo m'chipululu amaika moyo wake wonse m'manja mwa womtsogolera.

M'chaka cha 1867 Ambuye Charles Lavigerie anakhala Arkiepiskopi wa Algiers, ndipo mu 1868 anayambitsa chipani cha amishoni a Afrika. Anawalamula kuti aphunzire chilankhulo cha anthu, adye zimene anthuwo amadya, ndi kuvala monga iwo. N'chifukwa chake ankavala mkanjo woyera wa anthu a ku Algeria, kolona ili m'khosi, ndipo dzina lao linachokera pa mkanjo womwewo. Mtima wa Ambuye Lavigerie unali pa mzinda wa Timbuktu, kufupi ndi mtsinje wa Niger, poganiza kuti kuchokera kumeneko Mthenga Wabwino ukanafalikira pakati pa anthu akuda.

Mu Januwale 1876 ansembe atatu, Bambo Paulmier, Bambo Ménoret ndi Bambo Bouchand, ananyamuka ku Metlili, kumwera kwa Algeria, pamodzi ndi atsogoleri a mtundu wa Tuareg. Sanafike patali. Patangopita masiku owerengeka anaphedwa ndi anthu omwewo amene anali kuwaonetsa njira. Anzao sanataye mtima. Anakhazikika ku Ghadames, m'dziko limene lero ndi Libya, nasamalira odwala, namayembekeza nthawi yabwino. Mu Disembala 1881 Bambo Richard, Bambo Morat ndi Bambo Pouplard ananyamuka kumeneko kulowera ku Ghat, ndipo nawonso anaphedwa ali pafupi ndi kumene anachokera.

Kodi n'chifukwa chiani anthu a m'chipululu, amene amadziwika ndi mwambo wolandira alendo, anachita zimenezi? Tisafulumire kuweruza mtundu wonse, kapena chipembedzo chao cha Chisilamu. Dziko la France linali litalanda Algiers mu 1830, ndipo asilikali ake anali kusendera kumwera chaka ndi chaka. Mu Febuluwale 1881 gulu la msilikali Flatters, limene linkafufuza njira ya njanji yodutsa Sahara, linathiridwa nkhondo ndi kuwonongedwa. Eni chipululu ankaopa kutaya ufulu wao ndi malonda ao, ndipo m'maso mwao Mfalansa aliyense, ngakhale wopanda mfuti, anali kalambulabwalo wa asilikali. Ansembe anasenza mlandu wa mtundu wao, umene iwo eni sanaupalamule.

Koma khomo lina linali litatseguka kale kum'mawa. Mu 1878 amishoni 10 a chipani chomwecho anadzera ku Zanzibar ndi Bagamoyo, nayenda pansi pamodzi ndi amtengatenga kulowera ku nyanja zazikulu. Mu 1879 Bambo Lourdel anafika ku Buganda, kumene kunadzatuluka Amartiri a ku Uganda. Mu Disembala 1889 ena anafika kwa Mponda, ku Mangochi, naphunzitsa ana ndi kuchiza odwala, koma mu 1891 anachokako kupita kwa Amambwe, kumpoto kwa Zambia. Anabweranso mu 1902, natsegula mishoni ya Mua. Ku Timbuktu, kumene ansembe a 1876 analephera kufika pangamila, anzao anakafikako mu 1895, podzera ku Senegal ndi mtsinje wa Niger.

Abale athu, ansembe 6 amenewa sanamangeko tchalitchi kutsidya kwa mchenga, ndipo poyang'ana ndi maso a dziko tinganene kuti anafa chabe. Komabe chipani chimene chinawalira sichinabwerere m'mbuyo, ndipo ife tili pakati pa zidzukulu zake m'chikhulupiriro. Inu makolo ndi inu akatekisiti, ana ndi ophunzira chikhristu amakutsatani monga mlendo atsata mtsogoleri m'chipululu. Sadziwa kumene kuli chitsime. Amakhulupirira kuti inu mukudziwa, ndipo amagona tulo podalira inu. Tiyeni tsono tisawasokeretse ndi chitsanzo choipa, kapena kuwasiya panjira ulendo ukakula. Pa mapemphero a madzulo ano m'mabanja mwathu, tiwakumbukire ansembe amenewa, tipempherere anthu onse a m'chipululu cha Sahara, ndi onse amene ali paulendo usiku uno. Mulungu akudalitseni nonse.