Bo-Kaap: dera limene makoma ake anatetezedwa mochedwa

Mlendo aliyense wofika mu Wale Street ku Cape Town amauzidwa nkhani imodzi. Akuti kale nyumba za ku Bo-Kaap zinali zoyera zokhazokha chifukwa zinali za lendi, ndipo akapolo atamasulidwa n'kuzigula, anazipaka utoto wowala, wachikasu, wapinki ndi wobiriwira, posonyeza chimwemwe cha ufulu. Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, ndipo otsatsa nyumba amaikonda kwambiri, koma ine ndimaikayikira. Ukapolo unathetsedwa ku Cape pa 1 Disembala 1834, komabe anthuwo anagwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Chipukuta misozi chinapita kwa eni akapolo, pamene womasulidwayo anatuluka chimanjamanja. Munthu wotere akanagula nyumba ndi chiyani? Utoto wowalawu unafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ena akomweko amaugwirizanitsa ndi mwambo wokonza nyumba pokonzekera Eid. Mbiri yeniyeni ya derali ndi ya anthu amene anakhala zaka zambiri m'nyumba zosakhala zawo, ndipo atangoyamba kuzigwira bwino, mitengo inayamba kuwatulutsamo.

Dzina loti Bo-Kaap ndi la Chiafirikanzi, ndipo derali lili pamtsetse wa phiri la Signal Hill, pamwamba pa tawuni. Mu 1760 munthu wina dzina lake Jan de Waal anagula malo m'munsi mwa phirilo, ndipo kuyambira 1763 anamangapo tinyumba tating'ono tochititsa lendi. Imodzi mwa nyumba za nthawi imeneyo, nambala 71 mu Wale Street, ndiyo inasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale mu 1978.

Kwa zaka zambiri derali linkatchedwa Malay Quarter, koma dzinali limabisa zambiri. Akapolo a ku Cape anachokera ku zilumba za Indonesia, ku India, ku Sri Lanka, ku Madagascar ndiponso ku Mozambique. Mu Disembala 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, itanyamula akapolo oposa 400 kuchokera ku Mozambique, inasweka pamiyala pafupi ndi Clifton. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa ku Cape komweko. Chaka chomwecho mu Dorp Street munakhazikitsidwa mzikiti wa Auwal, woyamba m'dziko la South Africa. Imamu wake woyamba anali Tuan Guru wa ku Tidore, amene anakhala mkaidi pa Robben Island ndipo analemba Qur'an yonse kuchokera m'mutu. Ukapolo utatha, atelala, akalipentala, amisiri omanga nyumba, asodzi ndi amayi ochapa zovala anadzaza misewu ya kumtundayi kuti akhale pafupi ndi mizikiti ndi ntchito. Manda awo a Tana Baru atatsekedwa mu 1886, Asilamu zikwizikwi anaguba kukaika maliro a mwana m'mandamo mosamvera lamulo.

Chovuta chachikulu choyamba chinadza ndi lamulo la 1934 lolola kulanda nyumba zimene zinkaonedwa ngati zauve ndi zowonongeka. Nyumba zambiri za ku Bo-Kaap zinalandidwa, zina zinagwetsedwa, ndipo mabanja anasanduka alendi a boma kwa zaka makumi. Mu 1943 kagulu ka anthu, kuphatikizapo mlembi I.D. du Plessis, kanayamba kulimbikitsa zoti nyumba zakalezo zikonzedwe. Mu 1957, potsatira lamulo la tsankho logawa malo okhala potengera mtundu, derali linalengezedwa kuti ndi la Amalay. Zimenezi zinapulumutsa Bo-Kaap ku zimene zinagwera dera lina la ku Cape Town lotchedwa District Six, limene linalengezedwa kuti ndi la azungu pa 11 Febuluwale 1966 ndipo anthu pafupifupi 60,000 anasamutsidwa. Koma tisaiwale kuti chipulumutso chimenechi chinali ndi misozi yake: anansi amene sanawerengedwe ngati Amalay, akhristu ndi anthu akuda, anayenera kuchoka. Umodzi wa derali umene alendo amausirira lero unaumbidwa mbali ina ndi lamulo loipa.

Lamulolo linafafanizidwa mu 1991, ndipo palibe munthu wanzeru amene angalirire. Koma kuyambira pamenepo aliyense wandalama anatha kugula nyumba ku Bo-Kaap, ndipo ogula sanachedwe kuona zimene anthu osauka anali nazo: mphindi zochepa kuyenda pansi kufika pakati pa tawuni, phiri la Table Mountain pazenera, misewu yoyalidwa miyala, ndi nyumba zomangidwa chaka cha 1850 chisanafike, zochuluka kuposa kwina kulikonse m'dzikolo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti zinthu zinalakwika, ndipo njira yake ndi yosavuta kuimvetsa. Msonkho wa nyumba umawerengedwa potengera mtengo wake pamsika. Nyumba yoyandikana nayo ikagulidwa ndi mamiliyoni a randi, yanunso imakwera mtengo papepala, ndipo msonkho umakwera nayo. Agogo amene anabadwira m'nyumbamo, ongodalira ndalama ya okalamba, salemera chifukwa cha mtengo wa papepalawo. Chimene amaona ndi bilu. Kuchotseredwa kwa okalamba kulipo, koma kumafuna kulembetsa ndipo kuli ndi malire ake. Agogowo akamwalira, nyumba imatsalira ana asanu kapena asanu ndi mmodzi. Palibe mmodzi yemwe angawalipire abale akewo magawo awo, chifukwa banki imapereka ngongole ya nyumba poyang'ana malipiro a munthu, osati zaka zimene banja lakhala pamalopo. Mapeto ake nyumba imagulitsidwa, ndalama amagawana, ndipo zidzukulu zimakapezeka ku Cape Flats, kutali ndi mzikiti umene makolo awo anamanga. Nyumba yogulidwayo nthawi zambiri imasanduka yogonetsa alendo a masiku awiri kapena atatu olembetsa pa intaneti.

Mkwiyo unaphulika mu 2018. M'mwezi wa Ramadan, achinyamata anatentha matayala pamphambano ya Wale Street ndi Buitengracht nthawi imene anthu amaweruka kuntchito. Madzulo ena anthu anayala nsalu zazitali pamsewu weniweniwo, n'kuikapo tende, masamusa, supu ndi madzi, ndipo azana italira, mazanamazana anafuturu pamodzi, mwambo umene kumeneko amautcha boeka. Oyandikana nawo a zipembedzo zina anaitanidwa kudzakhala nawo pansi. Uthenga wake unali womveka: msewu uno muli anthu.

Mu Novembala chaka chomwecho kampani ina yomanga nyumba zosanja zogulitsa inafuna kukweza chimakina chonyamulira katundu m'mwamba kupita kumalo ake kumtunda kwa derali. Kampaniyo inali ndi chiletso cha khoti choti anthu asaitchinge, ndipo mapulani ake anali ovomerezeka. Anthu anatsekabe msewu. Patsogolo panali amayi achikulire ovala mipango kumutu, ena atakhala pansi, ena atagwirana manja, akuyimba mapemphero. Kunaphulika mabomba obalalitsira anthu, ena anamangidwa, ndipo zithunzi za tsikulo zinafala dziko lonse. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkanena zoona. Omangawo sanaswe lamulo, ndipo amayiwo ankadziwa kuti nyumba iliyonse yodula ikamera, bilu yawo imakula. Vuto linali lamulo lenilenilo, limene linkayeza kutalika kwa khoma ndi malo oimikapo galimoto koma silinkafunsa kuti pakatha zaka khumi ndani adzakhale akukhalamo. Nyumba yosanjayo inamangidwabe.

Kulirako sikunapite pachabe. Mu Malichi 2019 Bo-Kaap inaikidwa pansi pa chitetezo chapadera cha malo a mbiri, ndipo chaka chomwecho malo 19 a m'derali, kuphatikizapo mzikiti wa Auwal ndi manda a Tana Baru, analengezedwa kuti ndi chuma cha fuko. Anthu anali atapempha chitetezo chimenechi kwa zaka, ndipo mapulani amene anavomerezedwa chisanadze sanakhudzidwe.

Wofuna kugula nyumba kumeneko lero ayenera kudziwa zimene akulowamo. Lamulo la 1999 limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo, choncho kuwonjezera chipinda pamwamba kapena kusintha mazenera si nkhani ya mmisiri yekha. Makoma akalewo ndi ogawana ndi mnansi, denga ndi lafulati lofuna kulisamala nyengo ya mvula, ndipo pa khonde lanu pamaima alendo ojambula zithunzi kuyambira m'mawa. Mfuti yaikulu ya pa Signal Hill imalira 12 koloko masana, azana imamveka m'bandakucha, ndipo kumayambiriro kwa Januwale magulu a oyimba ovala zonyezimira amadzaza misewu mpaka usiku. Ena mwa obwera kumene akhala akudandaula kuti azana ndi phokoso, ndipo zimenezi zawawa anthu akomweko kuposa mitengo ya nyumba, chifukwa mzikiti unali pomwepo zaka zoposa 200 ogulawo asanabwere. Alipo obwera amene anaphunzira kupereka salamu, kugula mandasi otchedwa koesister Lamlungu m'mawa ndi kufika pamaliro, ndipo amenewo amalandiridwa. Koma ngakhale iwo, mtengo umene analipira unalowa m'kaundula wowerengera msonkho wa mnansi wawo, ndipo chitetezo cha 2019 sichinenapo kanthu pa zimenezo.