Tisamuiwale MacDonald Masambuka

Pa 9 Malichi 2018, MacDonald Masambuka anachoka pakhomo m'mudzi mwa Nakawa, kwa Mfumu Yaikulu Nkoola ku Machinga, ndipo sanabwererenso. Anali mnyamata wachialubino wa zaka 22. Mtembo wake unapezeka pa 1 Epulo utakwiriridwa, ziwalo zina zitachotsedwa. Malichi akafika tiyenera kumutchula dzina, ndipo ife a ku Phalula tisamaone ngati maliro amenewa ndi a kutali. Kufikira 1998, pamene Balaka inakhala boma palokha, ifenso tinali a ku Machinga. Anali mwana wa kwathu.

Chimene chimandisowetsa tulo si mpeni ayi, koma nyambo imene anamukolera. Khoti linamva kuti mchimwene wake weniweni ndiye anamutenga pakhomo, atamuuza kuti kuli anzake amene amupezera mkazi woti amange naye banja. Taganizani. Anthu amenewa ankamudziwa bwino. Sanamunamize kuti kuli ganyu kapena ndalama zaulere. Anadziwa kuti mnyamata amene wakula akulozedwa chala pamsika, amene atsikana ambiri amauzidwa ndi makolo kuti asayandikire, akamva kuti kuli wina wamulola adzanyamuka osafunsa zambiri. MacDonald ankafuna chimene mnyamata aliyense wa msinkhu wake amafuna: mkazi, kanyumba kake, ana omutchula kuti bambo. Akuluakulu amati chibale n'fupa, sichiola. Apa mbale anagulitsa mafupa a mbale wake.

Mlanduwu unakokeka zaka zinayi. Pa 28 Epulo 2022, Woweruza Dorothy NyaKaunda Kamanga wa Khoti Lalikulu anapeza anthu 12 olakwa. Asanu, kuphatikizapo mchimwene wake uja, anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, ndipo mu Juni chaka chomwecho analamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse. Mwa ena otsalawo, amene anamangidwa pa milandu yokhudza ziwalo za munthu, munali wansembe wa Katolika, Thomas Muhosha, yemwe anapatsidwa zaka 30 koma anamwalira patangopita masabata ochepa. Munalinso wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala. Mbale, wansembe, wapolisi, wachipatala. Munthu wakumudzi akamva mtswatswa kuseri kwa nyumba usiku, amathamangira kwa yani ngati si kwa anthu anayi amenewa? N'chifukwa chake imfa ya MacDonald inalasa anthu achialubino mozama kuposa zina zambiri. Inawauza kuti pothawira palibe.

Kuti mlanduwu ufike pachigamulo sizinangochitika zokha. Panali anthu amene anakana kukhala chete, ndipo ambiri mwa iwo anali achialubino eni ake, osakidwa omwewo. Bungwe lawo la APAM, limene linatsogoleredwapo ndi a Bonface Massah kenaka a Overstone Kondowe, linkalemba mayina a ophedwa ndi obedwa, kuperekeza mabanja kukhoti, ndi kuyankhula pawailesi panthawi imene kuonetsa nkhope kunali kudziika pangozi. Mu Epulo 2016 anabwera kuno mayi Ikponwosa Ero, nthumwi ya United Nations, iwonso achialubino ochokera ku Nigeria, nachenjeza kuti zinthu zikapitirira chomwecho anthu achialubino adzatheratu m'Malawi. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango za opezeka ndi ziwalo za anthu. Koma kupha sikunaleke. Usiku wa pa 31 Disembala 2018, a Yasin Phiri anaphedwa ku Nkhata Bay mwana wawo akuona. Mu Febuluwale 2019, Goodson Makanjira wa zaka 14 anabedwa ku Dedza. Mu Malichi chaka chomwecho, a APAM analowa mumsewu ku Lilongwe kulunjika ku nyumba ya boma, anthu a khungu losapirira dzuwa akuyenda padzuwa kukapempha kuti asamaphedwe.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, pamene kale tinkangoti alipo pafupifupi 10,000. Dziko silinkadziwa n'komwe kuchuluka kwa ana ake. Ndipo mu Okutobala 2021, anthu a Kumpoto Chakum'mawa kwa Nkhotakota anasankha a Kondowe kukhala phungu, woyamba wachialubino m'mbiri ya dziko lino. Anthu wamba, alimi ndi asodzi, anaima pamzere n'kumuvotera. Chimenecho ndimachiwerengera kwambiri.

Komabe malamulo ndi zigamulo zimafika munthu atafa kale. Za MacDonald timadziwa tsiku limene anasowa, tsiku limene anapezeka, ndi zaka zimene omupha anapatsidwa. Nyuzi zinatiuza zonsezo, koma za nyimbo imene ankaikonda, timu imene ankasapota, kapena nthabwala zimene ankaseketsa nazo anzake, sizinatiuze. Tinamudziwa ngati mlandu. Apa ndi pamene ndimaona kufunika kwa oimba ndi ochita zisudzo, pakuti iwo amatha kutionetsa munthu akadali moyo.

Lazarus Chigwandali anachita zimenezo. Ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yake yachitini, ng'oma akuiponda ndi phazi, kuti apeze chodyetsa mkazi ndi ana. Mng'ono wake, amene ankaimba naye, anamwalira ndi khansa ya pakhungu. Nyimbo zake zitafika m'makutu mwa Johan Hugo, yemwe amaimba ndi Esau Mwamwaya m'gulu la The Very Best, anamujambulira chimbale cha Stomp on the Devil chimene chinatuluka mu 2019. Chaka chomwecho filimu ya moyo wake inaonetsedwa ku Tribeca ku New York, Madonna ataikapo dzina lake. Ena amasangalala kwambiri ndi za ku New York zo. Ine chimene chimandikhudza n'chakuti munthu amene dziko linkamuuza kuti abisale m'nyumba anasankha kuima pamphambano n'kukweza mawu mu Chichewa, anthu n'kuvina. Wavinira nyimbo ya munthu, kumuona ngati katundu wamalonda kumavuta. Ku Mali, woimba wachialubino Salif Keita wakhala akuchita zomwezo kwa zaka makumi ambiri. Ngakhale kuno sizachilendo: ndani mwa akuluakulu amene sanagwedeze mutu ndi nyimbo za Allan Namoko wa ku Thyolo, yemwe anali wosaona, ndi Chimvu River Jazz Band yake?

Balaka ndi boma la nyimbo. Alleluya Band inabadwira kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Paul Banda ndi mng'ono wake, malemu Lucius Banda, anaphunzitsa dziko lonse kuti zimene anthu akuopa kuyankhula zikhoza kuimbidwa. Ku Phalula kuno kwaya zilipo m'mpingo uliwonse, madufu ndi sikiri zimamveka, ndipo anyamata a zisudzo sasowa pakakhala msonkhano wa zaumoyo kapena tsiku la makolo kusukulu. Koma ndili ndi dandaulo ndi masewero ambiri a nkhani imeneyi amene ndaonapo. Wina amadzipaka ufa kumaso kuti akhale wachialubino, ena amamuthamangitsa ndi zikwanje zamitengo, anthu n'kuseka, pomaliza mfumu ya m'sewero n'kupereka chilango. Cholinga n'chabwino, koma mwana wachialubino amene wakhala kutsogolo wangoonera imfa yake yomwe ikuseweredwa, ndipo anzake aphunzira kuti iye ndi wothamangitsidwa basi. Bwanji osamupatsa iyeyo gawo? Akhale mphunzitsi, akhale mfumu, akhale mnyamata wofunsira mbeta n'kuloledwa, ankhoswe n'kukumana, nthungululu n'kulira. Sewero lotero likanakhala lodziwika m'midzi yathu, nyambo imene anakolera MacDonald ikanachepa mphamvu, chifukwa kupeza mkazi sikukanakhala chozizwitsa chothamangira osafunsa.

Palinso mdani wina amene sabwera usiku. Aliyense amene anaimapo pamsewu wa M1 pa Phalula mu Okutobala, pambali pa matumba a makala, akudziwa mmene dzuwa la kuno limaotchera. Khansa ya pakhungu imapha anthu achialubino ambiri kuposa zikwanje, ndipo imayamba ngati kachilonda kosapola pakhutu, pakhosi kapena pamlomo. Ntchito zathu zambiri kuno n'zapadzuwa: kulima thonje, kuumba njerwa, kabaza, kugulitsa malonda m'mawindo a mabasi. Mafuta oteteza khungu, chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali si zodzikongoletsera. Bungwe la Standing Voice limayendetsa ntchito yopima khungu m'zipatala zina, kuphatikizapo za ku Machinga, koma mwana wa kuno amafunika kupeza mafutawo pachipatala chapafupi mwezi ndi mwezi, osati pa 13 Juni pokha pamene dziko lonse likukumbukira anthu achialubino. Amafunikanso mphunzitsi womukhazika kutsogolo chifukwa maso ake saona patali. Zimenezi gulu la zisudzo lingaziphunzitse pabwalo la mfumu masana amodzi.

Ngongole ina ili ndi boma. Mu 2019, Pulezidenti Peter Mutharika anakhazikitsa komiti yofufuza za kuphedwa kwa anthu achialubino, motsogozedwa ndi woweruza wopuma, a Robert Chinangwa. A APAM anapempha kambirimbiri kuti zimene komitiyo inapeza ziululidwe kwa anthu onse. Pa mlandu wa MacDonald tinaona odula ndi onyamula ziwalo akupita kundende. Mabanja a ku Machinga, Dedza ndi Nkhata Bay akufunsabe kuti wogula anali yani.